Njira zopezera unzika wa dziko lina: iti ikuyenerani, ndipo mutayapo chiyani?

Anthu akamati akufuna mapepala a kunja, nthawi zambiri amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Pali viza, yomwe imangokulolani kulowa ndi kukhala kwa nthawi yoikika. Pali chilolezo chokhazikika, monga green card ya ku America kapena indefinite leave to remain ya ku Britain, chomwe chimakulolani kukhala ndi kugwira ntchito popanda tsiku lotulukira, komabe mukadali mlendo. Ndiye pali unzika, womwe umakusandutsani mwini dziko: mumavota, mumatenga pasipoti, ndipo wapachipata sangakubwezeni. Nkhani ino ndi ya chachitatuchi.

Ambiri amathera mphamvu zonse pofunsa kuti njira yachangu ndi iti. Ine ndimaona kuti funso loyamba liyenera kukhala lina: unzika umene ndiupezewo ndi wolimba motani, nanga polowa ndisiya chiyani pakhomo? Ndime 15 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene United Nations inavomereza mu 1948 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala nzika ya dziko, koma sichikakamiza dziko lililonse kulandira inuyo. Dziko lililonse lili ndi lamulo lakelake, ndipo malamulowa akusintha mofulumira kwambiri zaka zino.

Miyezo inayi yoyezera njira iliyonse

Woyamba ndi mtengo, ndipo pano sindikunena ndalama zokha. Zaka zimene muthere podikira nazonso ndi mtengo, mwina woposa ndalama. Wachiwiri ndi kupezeka kwake, kutanthauza kuti khomolo limatsegukira ndani. Wachitatu ndi kasamalidwe, zomwe muyenera kupitiriza kuchita kuti zinthu zisakupulumukeni m'manja. Wachinayi ndi zoopsa zake.

Musanayeze njira iliyonse, yambani mwafufuza chimene dziko lanu limachita nzika yake ikatenga unzika wina. China, malinga ndi lamulo lake la 1980, imachotsa unzika kwa munthu amene wakhazikika kunja n'kutenga unzika wina mwakufuna kwake. India nayo salola unzika wa mayiko awiri, imangopereka khadi la Overseas Citizen of India, lomwe limakulolani kukhala ndi kugwira ntchito koma osavota kapena kugula munda. Japan ndi Singapore nawo amafuna kuti munthu asankhe dziko limodzi. Mayiko ena anafewetsa: Kenya inalola unzika wa mayiko awiri mu malamulo ake aakulu a 2010, Zambia mu 2016, Malawi inasintha lamulo lake kumapeto kwa 2018, Germany mu June 2024. Ku South Africa anthu ambirimbiri anataya unzika osadziwa n'komwe, chifukwa lamulo linkati ukatenga unzika wina usanapemphe chilolezo kwa nduna, wako wakale watha pomwepo. Anthu ankadzadziwira ku ofesi ya kazembe popita kukakonzetsa pasipoti. Khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linathetsa ndimeyi mu May 2025.

Mbali inanso ndi dziko lomwe mukulowalo. Lina lidzakuuzani kuti musanalumbire mubweretse umboni woti mwasiya unzika wanu wakale. Kusiya kumeneku kumakhudza malo amene muli nawo kwanu, cholowa cha makolo, ngakhale ufulu wopita kumaliro popanda kupempha viza.

Njira yoyamba: magazi a makolo

Mtengo. Iyi ndiyo njira yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amaidumpha. Simukugula kanthu, mukungosonyeza kuti chinthucho chinali chanu kale. Ku Ireland, kulembetsa mu Foreign Births Register, kaundula wa nzika zobadwira kunja, kumadya mayuro ochepera 300 kwa munthu wamkulu. Ndalama zambiri zimathera posaka zikalata, kuzimasulira ndi kuzidinditsa.

Kupezeka kwake. Apa ndiye pali mwayi ndi tsoka, chifukwa kholo silisankhidwa. Ireland imalandira munthu amene agogo ake anabadwira pachilumbacho. Britain kawirikawiri imalola unzika kutsika m'badwo umodzi wokha wobadwira kunja. Italy inkalola anthu kubwerera mibadwo yambiri m'mbuyo, ndipo zidzukulutudzi za anthu amene anapita ku Brazil ndi Argentina zaka zoposa 100 zapitazo zinkatenga mapasipoti mwaunyinji, koma mu 2025 boma linatseka khomolo n'kusiya kampata ka kholo kapena gogo basi. Palinso mayiko amene amagwiritsa ntchito njirayi pofuna kukonza zolakwa zakale. Germany imabwezera unzika kwa ana ndi zidzukulu za anthu amene boma la Nazi linawalanda unzika pakati pa 1933 ndi 1945. Benin inakhazikitsa lamulo mu 2024 lopereka unzika kwa anthu ochokera ku mbumba ya akapolo amene anatengedwa ku Africa.

Amayi sanapatsidwebe mphamvu zofanana ndi abambo paliponse. Mayiko oposa 20 mpaka pano salola mayi kupatsira mwana unzika mofanana ndi bambo. Botswana inali m'gulu lomweli mpaka Unity Dow, yemwe anakwatiwa ndi nzika ya America, atapambana mlandu wake mu 1992 ndipo lamulo linasinthidwa patatha zaka zingapo.

Kasamalidwe. N'kochepa, koma pali msampha umodzi: kulembetsa mwana pa nthawi yake. Ku Ireland, ngati unzika wanu wadzera mwa agogo, mwana wanu angaulandire pokhapokha ngati inuyo munali mutalembetsa kale iye asanabadwe. Mukachedwa, chingwe chaduka.

Zoopsa. Unzika wamagazi ndi wovuta kuulanda, koma umabwera ndi katundu wake. South Korea, Turkey ndi Greece ali ndi lamulo loti amuna azilowa usilikali, ndipo mnyamata wokulira kunja atha kudabwa akuitanidwa. Ku Australia mu 2017 aphungu angapo, kuphatikizapo wachiwiri kwa nduna yaikulu Barnaby Joyce, anachotsedwa m'nyumba ya malamulo zitadziwika kuti anali ndi unzika wina wodzera mwa makolo, womwe ena sankaudziwa n'komwe.

Njira yachiwiri: kubadwira m'dzikomo

Njira iyi si yanu, ndi ya mwana wanu, choncho sindichedwapo.

Mtengo. Kwa amene akukhala kale m'dzikomo, palibe cholipira. Kwa oyenda ulendo wokaberekera kunja, ndalama za chipatala ndi malo ogona zimakwera kwambiri, makamaka ku America.

Kupezeka kwake. Lamulo loti aliyense wobadwira pa nthaka ya dziko ndi nzika limapezeka kwambiri ku America wakumpoto ndi wakummwera: United States kuyambira 1868, Canada, Mexico, Brazil, Argentina. Kwina kunatsekedwa. Britain inasiya mu 1983, Australia mu 1986, Ireland itachita chisankho cha riferendamu mu 2004. Kumeneko mwana amatenga unzika pobadwa ngati kholo lili nzika kapena lili ndi chilolezo choyenera. Ku South Africa, mwana wa makolo achilendo amene wakulira m'dzikomo kuyambira kubadwa atha kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, bola kubadwa kwake kukhale kolembetsedwa. Ngakhale ku United States, pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo mu January 2025 lofuna kuchepetsa ufuluwu, nkhani n'kukafika kumakhoti.

Kasamalidwe. Sungani setifiketi ya kubadwa ngati diso lanu.

Zoopsa. Unzika wa mwana supatsa kholo chilolezo chokhala. Ku United States mwanayo angaitanitse makolo ake pokhapokha atakwanitsa zaka 21. Komanso dzikoli limalipiritsa msonkho nzika zake kulikonse zili. Boris Johnson, nduna yaikulu yakale ya Britain, yemwe anabadwira ku New York n'kuchokako ali mwana, anafunsidwa msonkho wa ku America atagulitsa nyumba yake ya ku London, ndipo pambuyo pake anausiya unzikawo mu 2016.

Njira yachitatu: kukhala m'dziko zaka zokwanira, kenako n'kupempha

Iyi ndiyo njira ya anthu ambiri, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira kwa munthu amene alibe magazi a dzikolo. Ndi yaitali, yotopetsa, koma pomaliza mumakhala mutamanga moyo weniweni: ntchito, chilankhulo, anansi, sukulu ya ana.

Mtengo. Ndalama ya fomu yomaliza imasiyana kwambiri. Germany imalipiritsa mayuro 255. United States imafuna madola oposa 700. Britain imafuna mapaundi oposa 1,500. Koma musanyengeke ndi fomu yomalizayi, chifukwa ndalama zenizeni zimathera m'njira. Ku Britain munthu wamkulu wa viza ya ntchito amalipira mapaundi 1,035 pachaka a zaumoyo, kuwonjezera pa viza imene, kenako mapaundi oposa 3,000 a chilolezo chokhazikika. Chulukitsani ndi chiwerengero cha anthu a m'banja lanu, muona kuti banja la anthu anayi limataya chuma chochuluka lisanafike pa tsiku lolumbira.

Mtengo wa zaka nawo ndi wotere. Argentina imafuna zaka 2. United States imafuna zaka 5 muli ndi green card, Germany zaka 5 kuchoka pa 8 zakale, Canada masiku 1,095 pa zaka 5. Switzerland ndi Spain amafuna zaka 10, ngakhale Spain imachepetsa kufika pa 2 kwa anthu a mayiko a ku Latin America, Philippines ndi Equatorial Guinea. Qatar imafuna zaka 25, ndipo ngakhale zitakwana, olandira ndi owerengeka. N'chifukwa chake anthu amagwira ntchito m'mayiko a ku Gulf moyo wawo wonse n'kubwerera kwawo ali alendo monga anabwerera.

Kupezeka kwake. Khomo lenileni si unzika, ndi chilolezo choyamba. Zaka zimayamba kuwerengedwa mukakhala m'dzikomo movomerezeka, ndipo si viza iliyonse imene imawerengedwa. Zaka za viza ya sukulu ku Britain sizilowa mu zaka 5 zofikira pa chilolezo chokhazikika. Ku United States mutha kukhala zaka 10 pa viza ya ntchito koma wotchi ya unzika isanayambe, chifukwa imayamba tsiku lomwe mwalandira green card. Funsani funso ili musanakwere ndege: kodi viza imeneyi ili ndi msewu wopita ku chilolezo chokhazikika, kapena imathera panjira?

Pamapeto pali mayeso. Britain ili ndi Life in the UK, mafunso 24 ndipo muyenera kukhoza 18. Germany ili ndi mafunso 33, okhoza 17 wapambana, kuphatikizapo Chijeremani cha mlingo wapakatikati wotchedwa B1. Mayeso a mbiri ndi kayendetsedwe ka boma munthu amawaloweza pa masabata ochepa. Chilankhulo ndicho chimagwetsa ambiri, makamaka amene zaka zonse anangokhala pakati pa anthu akwawo.

Kasamalidwe. Apa ndi pofunika kudekha. Masiku amene mwatuluka m'dziko amawerengedwa limodzilimodzi. Britain salola kupitirira masiku 450 kunja pa zaka 5, ndiponso masiku 90 m'chaka chomaliza. Ku United States ulendo wopitirira miyezi 6 umachititsa boma kuganiza kuti mwadula nthawi yanu yokhala. Kholo likadwala kwanu, inu n'kukakhalako miyezi 8, mutha kupeza kuti zaka zinayi zapita pachabe. Lembani tsiku lililonse lotuluka ndi lolowa, sungani mapepala a msonkho, a lendi ndi a malipiro, ndipo viza isathe ngakhale tsiku limodzi musanapemphe ina. Mlandu umene mukuuona ngati waung'ono, monga kuyendetsa galimoto mutamwa, umalowa m'kaundula wa khalidwe lanu.

Zoopsa. Choyamba, malamulo amasintha inu muli pakati pa mtsinje. Mu May 2025 boma la Britain linalengeza maganizo ofuna kukweza zaka zodikira chilolezo chokhazikika kuchoka pa 5 kufika pa 10 kwa anthu ambiri. Chachiwiri, viza yomangirizidwa kwa bwana mmodzi imaika munthu m'manja mwa bwanayo: ntchito ikatha, chilolezo chimatha nayo, ndipo anthu amapirira nkhanza poopa zimenezi. Chachitatu, unzika wopatsidwa sufanana mphamvu ndi wobadwa nawo pa nkhani ya bodza. Pafupifupi dziko lililonse limatha kuulanda zikadziwika kuti munanama pa fomu, ngakhale patatha zaka zambiri. Dzina labodza, tsiku lobadwa losinthidwa, mlandu wobisidwa, ukwati wina wosaululidwa, zonsezi zimadikira tsiku lake. Madobadoba amene amati adzakukonzerani nkhani yabwino sadzakhalapo tsiku lofunsidwa.

Njira yachinayi: ukwati

Mtengo. Zaka zimachepa, ndalama sizichepa kwenikweni. Ku United States wokwatirana ndi nzika amadikira zaka 3 m'malo mwa 5. Ku Spain chaka chimodzi chokhala m'dzikomo. Ku France zaka 4 za ukwati. Ku Italy zaka 2 mukakhala m'dzikomo, 3 mukakhala kunja. Britain imafuna kuti banja lisonyeze kuti limapeza mapaundi 29,000 pachaka viza ya mwamuna kapena mkazi isanaperekedwe, muyezo umene unakwera mu April 2024 ndipo walekanitsa mabanja ambiri osapeza bwino.

Kupezeka kwake. Kale mkazi ankangotsata unzika wa mwamuna. Lamulo la ku America la 1907 linkachotsa unzika kwa mkazi wokwatiwa ndi mlendo, mpaka linayamba kusinthidwa mu 1922. Masiku ano mayiko ambiri sapereka unzika pa tsiku la ukwati. Mtchatho umangofupikitsa ulendo. Onetsetsaninso kuti ukwati wanu ndi wovomerezeka kumene mukupitako, chifukwa ukwati wosalembetsedwa kuboma kapena wa mitala mayiko ambiri saulandira.

Kasamalidwe. Muyenera kusonyeza kuti banjalo ndi lenileni: nyumba imodzi, akaunti ya kubanki, zithunzi, makalata. Ku United States, ukwati ukakhala wosakwana zaka 2, green card yoyamba imakhala ya zaka 2 zokha, ndipo mumabwereranso kukapereka umboni.

Zoopsa. Ukwati wogula ndi mlandu. Ku United States chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende ndi chindapusa cha madola 250,000, ndipo khomo la mapepala limatsekeka mpaka kale. Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi cha maukwati enieni. Pamene mapepala a munthu ali m'manja mwa mnzake, nkhanza zimapeza pobisala. Mayi kapena bambo amamenyedwa, amalandidwa pasipoti, amaopsezedwa kuti akangoyankhula abwezedwa kwawo. Dziwani kuti United States, Britain ndi Australia ali ndi njira zapadera zoti wochitiridwa nkhanza apemphe chilolezo payekha popanda siginecha ya womuzunzayo. Ngati mukulowa njira imeneyi, dziwani zimenezi kusanade, ndipo zikalata zanu musunge nokha.

Njira yachisanu: ndalama

Otsatsa malonda amaikometsera kwambiri njirayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtengo. St Kitts and Nevis, yomwe inayamba malondawa mu 1984, imafuna madola 250,000. Dominica, Grenada, St Lucia ndi Antigua and Barbuda anagwirizana mu 2024 kuti pasakhale wogulitsa pansi pa madola 200,000. Turkey imafuna kuti mugule nyumba kapena malo a madola 400,000 n'kukhala nawo zaka 3 osagulitsa. Pamwamba pake onjezani ndalama za ofufuza mbiri yanu, za maloya ndi za aliyense wa m'banja. Ndalama yopereka ku thumba la boma sibwerera. Yogulira nyumba imatha kubwerera, koma nyumba zogulitsidwa m'mapulogalamu otere kawirikawiri zimakhala zokwezedwa mtengo, ndipo pogulitsa mumaluza.

Kupezeka kwake. Miyezi yochepa basi, nthawi zina osapondako n'komwe m'dzikomo. Koma musasokoneze ndi zimene amazitcha golden visa, zomwe zimapereka chilolezo chokhala, osati unzika. EB-5 ya ku United States, yoyambira madola 800,000, imakupatsani green card, ndipo zaka 5 zija mudikirabe. Ku Ulaya makomo akutsekeka: Cyprus inasiya kugulitsa unzika mu November 2020 zachinyengo zitaululika, khoti la European Union linagamula mu April 2025 kuti pulogalamu ya Malta ndi yosemphana ndi malamulo, ndipo Spain inathetsa golden visa yake mwezi womwewo.

Kasamalidwe. N'kochepa. Antigua and Barbuda imafuna kuti mukakhaleko masiku angapo m'zaka zoyambirira, ena safuna kanthu kupatula kukonzetsa pasipoti.

Zoopsa. Chimene anthu amagula si dzikolo, ndi mwayi woyenda popanda viza, ndipo mwayi umenewo suli m'manja mwa wogulitsa. Amene anagula pasipoti ya Vanuatu kuti azilowa ku Ulaya momasuka anaona European Union ikuimitsa mwayiwo mu 2022 n'kuuthetseratu mu 2024. Britain inayamba kufuna viza kwa nzika za Dominica ndi Vanuatu mu July 2023. Cyprus inalanda unzika kwa anthu ambiri amene anali ataugula. Mabanki nawo amafunsa mafunso ochuluka akaona munthu wobadwira kwina atanyamula pasipoti ya pachilumba chimene sanakhaleko. Ndipo pasipoti yotere sikupatsani ufulu wogwira ntchito ku London kapena ku Paris, imangokulolani kukacheza.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kuthawa kwanu, kapena usilikali

Kuthawa nkhondo ndi chizunzo si njira yosankha, ndi chitetezo cha anthu amene moyo wawo uli pachiswe. Ndikuitchula chifukwa nayo imatha kufikitsa ku unzika.

Mtengo. Ndalama n'zochepa, zaka n'zambiri, nthawi zina m'badwo wathunthu mumsasa. Kupezeka kwake kumadalira dziko. Pangano la 1951 la othawa kwawo limapempha mayiko kuti afewetse njira ya unzika, koma siliwakakamiza. Ku United States wothawa kwawo amapempha green card patatha chaka chimodzi. Tanzania inachita chinthu chachikulu popereka unzika kwa anthu pafupifupi 162,000 a ku Burundi amene anathawa mu 1972, ndipo zikalata zawo zinaperekedwa mu 2014. Mayiko ambiri sapereka mwayi wotere. Pa kasamalidwe, wothawa kwawo akabwerera kudziko limene anathawalo kapena akatenganso pasipoti yake, atha kutaya chitetezo. Choopsa chachikulu ndi nkhani yopeka: ikadziwika, zonse zomangidwa pamwamba pake zimagwa, mpaka mapepala a ana.

Usilikali nawo umatchulidwa. Gulu la asilikali achilendo la France, Légion étrangère, limalola munthu kupempha unzika atatumikira zaka 3. Russia inalengeza mu January 2024 kuti mlendo wosaina kontrakiti ya chaka chimodzi pa nthawi ya nkhondo ya ku Ukraine atha kupempha unzika, ndipo anyamata a ku Africa ndi Asia akopeka, ena atanamizidwa kuti akupita kukagwira ntchito wamba. Ambiri sanabwerere. Sindingalangize mwana wa munthu aliyense kulowa njira imeneyo.

Njira imene anthu amaiwala: kukhala ndi chilolezo chokhazikika basi

Si aliyense amene ayenera kutenga unzika. Mtengo wake munalipira kale, ndipo unzika wakwanu umakhala wosakhudzidwa. Imapezeka kwa aliyense amene wafika pa chilolezocho. Vuto lili pa kasamalidwe: chilolezo cha ku Britain chimafa mukakhala kunja zaka 2 zotsatizana, Canada imafuna masiku 730 m'dzikomo pa zaka 5 zilizonse, ndipo green card imaonedwa ngati yatayidwa mukakhala kunja chaka chathunthu popanda chilolezo chobwererera. Choopsa chake n'choti mlandu waukulu utha kukubwezetsani kwanu ngakhale mwakhala zaka 30 ndipo ana anu onse ndi nzika.

Momwe unzika umatayikira

Njira zina tazikhudza kale: kutenga unzika wina pamene dziko lanu silola, ndi kunama pa fomu. Palinso kuusiya mwakufuna kwanu, komwe sikukhala kwaulere nthawi zonse. United States inakweza mtengo wosiyira unzika kufika pa madola 2,350 mu 2014, ndipo olemera amalipiranso msonkho wotulukira. Musasiye unzika wakale musanagwire watsopano m'manja, chifukwa pakati pa ziwirizi munthu amatha kutsala wopanda dziko.

Palinso kulandidwa ndi boma. Britain inalanda unzika wa Shamima Begum, mtsikana amene anapita ku Syria kukalowa gulu la zigawenga la ISIS, mu 2019 pa zifukwa za chitetezo, ndipo mphamvu zotere zimagwera kwambiri anthu amene boma likuti ali ndi dziko lina lopitako. Apa m'pamene mapanga awiri amavumbwitsa. Komanso mukakhala m'dziko lanu loyamba n'kumangidwa, kazembe wa dziko lachiwiri kawirikawiri alibe mphamvu yokuthandizani, chifukwa kumeneko amakuonani ngati nzika yawo basi. Ndale nazo zimalowerera. Mu 1999 khoti la ku Ndola linagamula kuti Kenneth Kaunda, yemwe analamulira Zambia zaka 27, sanali nzika ya dzikolo chifukwa cha kumene makolo ake anachokera, ngakhale chigamulocho sichinakhalitse. Nicaragua inalanda unzika kwa otsutsa boma oposa 300 mu February 2023. Lamulo la Myanmar la 1982 linasiya mtundu wonse wa Rohingya wopanda dziko. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, limawerengera anthu oposa 4 miliyoni opanda unzika uliwonse, ndipo amenewo ndi odziwika okha.

Ndiye iti ikuyenerani?

Ngati kholo kapena gogo wanu anabadwira dziko lina, yambani ndi magazi musanawononge ndalama kwina kulikonse, ndipo chitani changu pamene akuluakulu odziwa mbiri akadali moyo komanso lamulo lisanasinthe monga zinachitikira ku Italy. Lembetsani inuyo ana asanabadwe.

Ngati muli ndi luso la ntchito kapena mukupita kusukulu ndipo mukufuna kukakhazikika, njira yanu ndi ya zaka. Sankhani dziko poyang'ana kutalika kwa msewu wonse, kuchokera pa viza yoyamba mpaka tsiku lolumbira, osati kukula kwa malipiro a mwezi woyamba. Ntchito ya ku Gulf itha kukupatsani ndalama zambiri, koma amene akufuna unzika ayang'ane ku Canada, Germany ndi mayiko ena amene ali ndi msewu wolembedwa m'malamulo.

Ngati muli kale pabanja ndi nzika ya dziko lina, gwiritsani ntchito kufupikitsa kumene lamulo lapereka, musunge umboni kuyambira tsiku loyamba, ndipo mudziwe kumene mungathawire banja likasanduka ndende.

Ngati ndinu wamalonda amene vuto lake ndi kuima pamzere wa viza mwezi ndi mwezi, ndipo madola 250,000 atatayika simungagwe, pasipoti yogula itha kukuthandizani kwa zaka zingapo. Yesani kaye viza ya maulendo ambiri ya zaka zingapo, yomwe imathetsa vuto lomwelo pa mtengo wochepa kwambiri. Ngati cholinga chanu ndi kusamutsa banja, njira iyi si yanu.

Ngati dziko lanu silola unzika wa mayiko awiri, ndipo kwanu muli ndi malo, bizinesi kapena maganizo odzabwerera mukakalamba, khalani ndi chilolezo chokhazikika n'kumasamala masiku otuluka. Koma ngati moyo wanu wonse uli kumene mukukhalako, ana akukulira komweko, ndipo dziko lanu limalola awiri, pemphani unzika mwezi womwe zaka zanu zakwana, osadikira kuti boma lotsatira lidzasinthe muyezo.

Ndipo ngati mwana wanu wabadwira kunja pamene mapepala anu sanalongosoke, mulembetseni kawiri: ku ofesi ya kaundula ya dziko limene wabadwiralo, ndi ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu, chaka chake choyamba chisanathe.